Funsani Mmisiri: Makina okulungira koyilo, nditenge ati?

Amisiri,

Ine ndi mnzanga tili ndi kafakitale kopanga matransifoma ang'onoang'ono. Mpaka lero timakulunga waya ndi kamakina kopukusa pamanja, ndipo tikalimbikira timamaliza makoyilo 15 patsiku. Tsopano kampani ina yatipatsa ntchito yoti tiziipangira makoyilo a solenoid (aja osanduka maginito akalandira magetsi) okwana 2,000 mwezi uliwonse, onse ofanana. Koyilo iliyonse ndi ya waya wa 0.2 mm, wozungulira maulendo 2,400 pa bobini (chikombole chokulungirapo waya) ya makona anayi. Matransifoma sitikusiya, ndipo amenewo amadya waya wa 0.3 mm mpaka 1.2 mm. Ogulitsa atitumizira mapepala a makina a mitundu iwiri. Ena amazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, enawo 2,000 okha. Mnzanga akuti titenge othamangawo basi, nkhani ithe. Ine mtima ukukana, koma ndikusowa chomuyankha. Tithandizeni tisanataye ndalama.

Wokulunga matransifoma

Achimwene,

Mtima wanuwo umvereni. Koma mnzanuyo sangagonje ndi mtima wa munthu wina, ndiye tengani pensulo tiwerengere limodzi, mukamuonetse pepala.

Makoyilo 2,000 pa masiku 22 ogwira ntchito ndi makoyilo 91 patsiku. Maola 8 ndi mphindi 480, kutanthauza kuti koyilo iliyonse ili ndi mphindi 5 ndi kanthu pamwamba. Makina othamangawo amaliza maulendo 2,400 m'masekondi 24. Odekhawo amaliza m'masekondi 72. Kusiyana kwake ndi masekondi 48 basi. Tsopano kaimeni pambali pa amene amakulunga kwanuko, wotchi ili m'manja, muone nthawi imene imapita pomanga bobini pa spindle (chitsulo chozungulitsa bobini), pomangirira nsonga yoyamba ya waya, pomata tepi, podula, powotcherera ndi poyeza. Kwanga kuno zimenezi zimadya mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo makina ngakhale athamange chotani, nthawi imeneyi saichepetsa. Ndi makina odekhawo ntchito yanu ikwanira, nthawi n'kutsalako. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga si kufika.

Komanso liwiro la 6,000 lija ndi la papepala. Bobini yanu ndi ya makona anayi. Ikamazungulira, waya amakokedwa mwamphamvu akamadutsa pa kona, n'kukhwepa akafika pambali posalala. Ulendo umodzi wokha, waya wagwedezeka kanayi. Pa maulendo 6,000 pa mphindi, bobini ikuzungulira ka 100 pa sekondi, ndiye waya wowonda ngati ulusi akugwedezeka ka 400 pa sekondi iliyonse. Anthu ambiri amene ndawaona atagula makina oterewa amathera kuwatsitsa liwiro mpaka theka kapena kuchepera apo, atatopa ndi kulumikiza waya woduka.

Apa ndiye pali pamtima pa nkhani, ndipo ogulitsa sakonda kukhalitsapo. Chimene chimapanga koyilo yabwino ndi chokungira waya, chija pamapepala awo amachilemba kuti tensioner. Ndi kachipangizo kooneka konyozeka, kamene kamakhala pakati pa mpukutu wa waya ndi bobini, ntchito yake kugwira waya kuti akhale wokungika mofanana kuyambira ulendo woyamba mpaka womaliza. Waya akakhwepa, koyilo imatupa, imakana kulowa m'malo mwake, ndipo ikalandira magetsi imalira chifukwa waya akugwedezeka m'kati. Akakungika kwambiri, kopala amatamuka. Kopala wa mu waya wokulungira ndi wofewa, ndipo akatamuka sabwerera.

Taonani mmene zimakhalira ndi waya wanu yemweyu. Waya wa kopala wa 0.2 mm ali ndi resistance (kukaniza magetsi kudutsa) ya pafupifupi 0.55 ohm pa mita iliyonse. Tiyerekeze kuti ulendo umodzi pa bobini yanu umadya masentimita 8. Maulendo 2,400 adya mamita 192, ndipo koyilo yonse ikhala ndi ma ohm pafupifupi 105. Waya akatamuka amatalika ndi kuwonda nthawi imodzi, ndiye resistance imakwera kawiri kuposa mmene watalikira. Akatamuka ndi magawo 3 pa 100, resistance ikwera ndi magawo 6 pa 100, koyilo yanu n'kufika pa ma ohm 111. Ngati kasitomala wanu adalemba kuti amalola kusiyana kwa magawo 5 pa 100 okha, bokosi lonse likubwererani, chonsecho maulendo ndi okwana ndendende ndipo pamaso koyilo ndi yokongola. Pamenepa ndiwonjezepo kanthu kamene kamakanganitsa anthu pachabe: resistance ya kopala imakwera ndi pafupifupi magawo 0.39 pa 100 pa digiri iliyonse ya kutentha. Koyilo yoyezedwa m'chipinda chotentha madigiri 30 ionetsa magawo 4 pa 100 kuposa yoyezedwa pa madigiri 20. Gwirizanani ndi kasitomala za kutentha koyezera musanatumize katundu woyamba.

Zokungira zilipo zamitundumitundu. Zotchipa kwambiri ndi tinsalu tiwiri ta ubweya tofinya waya. Timagwira ntchito, koma timatha, timasonkhanitsa fumbi, ndipo kukungika kumasintha pang'onopang'ono inu osadziwa. Zina zili ndi kamkono ka sipuling'i kamene kamavina waya akamakokedwa, n'kumamasula kapena kumanga buleki. Zina zimagwiritsa ntchito maginito, ndipo zodula kwambiri zili ndi kamota kake kotulutsa waya molingana ndi mmene akukokedwera. Pa bobini ya makona anayi ndi waya wa 0.2 mm, musatenge chopanda kamkono kovinako, chifukwa ndi kamene kamameza kugwedezeka kuja. Gulaninso kachipangizo ka m'manja koyezera kukungika, ndipo opanga waya muwapemphe tebulo losonyeza kukungika koyenera pa waya aliyense. Kuyeza ndi chala kumanama.

Tsopano nkhani ya matransifoma anu. Waya wa 1.2 mm ndi wonenepa kasanu n'kamodzi kuposa wa 0.2 mm, koma kopala ali m'kati mwake ndi wochuluka ka 36. Kukungika kumene amafuna kumakula pafupifupi momwemo. Palibe chokungira chimodzi chimene chingatumikire mawaya awiriwa bwinobwino, ndiye konzekerani kugula ziwiri. Makinanso okha amasankha mbali. Opangidwira liwiro amakhala ndi mphamvu yochepa yopotokola, ndipo mukawapatsa waya wonenepa pa bobini yaikulu amabuula n'kuima, kapena mota yake imatentha. Ogulitsa akalemba kuti makina amalandira waya wa 0.02 mm mpaka 2 mm, afunseni kuti pa waya wa 1.2 mm ndi bobini yaikulu ngati yanu, makinawo amazungulira maulendo angati pa mphindi osatopa. Yankho lake limakhala lamanyazi nthawi zambiri.

Chachiwiri choti muyang'anitsitse ndi chotsogolera waya, chimene chimayenda uku ndi uku kuyala waya pa bobini. Pa makina abwino mumalemba nokha mtunda umene chiyende pa ulendo uliwonse, ndi malo otembenukira kumanja ndi kumanzere. Ambiri amalakwitsa polemba 0.2 mm chifukwa ndi zimene zalembedwa pa mpukutu. Nambala imeneyo ndi ya kopala yekha. Waya wavala vanishi, ndipo muyezo wa IEC 60317 umagawa vanishiyo m'magiredi malinga ndi kukhuthala kwake, moti waya wanu atavala amafika pa 0.22 kapena 0.24 mm. Pa bobini ya mamilimita 20 m'lifupi, mukalemba 0.2 makina ayesa kuyala maulendo 100 pa mzere umodzi, pamene malo alipo a maulendo 83 mpaka 90 okha. Otsalawo akwera pamsana pa anzawo, ndipo pofika mzere wachisanu koyilo yasanduka phiri ndi zigwa. Micrometer, yoyezera kunenepa kwa waya, ikhale pa tebulo nthawi zonse, ndipo mpukutu uliwonse watsopano uziyezedwa.

Kuyala bwino kuli ndi phindu lenileni. Waya wozungulira akayalidwa kuti wa pamwamba akhale mumpata wa awiri a pansi, amatha kudzaza mpaka magawo 90 pa 100 a malo. Akasanjikizana wina pamwamba penipeni pa mnzake, amadzaza magawo 78. Akangomwazika mwachisawawa, amatsika kuposa apo. Koma musadzivute kufuna kuyala kwangwiro pa waya wa 0.2 mm ngati bobini ili ndi malo okwanira. Kuyala kotero kumafuna bobini zopangidwa mosaphonya ngakhale pang'ono, ndipo makoyilo ambiri a solenoid amagwira ntchito bwino popanda zimenezo.

Ndikuuzeni zimene zidandionekera ine, muleke kuganiza kuti ndimangodziwa kulangiza ena. Zaka zapitazo ndidagula makina nditangowaona pa chithunzi, onyezimira, a mabatani ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chowerengera chake chimangodziwa kupita kutsogolo. Waya akakwerana, wokulunga amabweza spindle pamanja maulendo 10 kuti akonze, chowerengera n'kuwonjezera 10 m'malo mochotsa. Pamenepo koyilo yaperewera maulendo 20, makina akunena kuti zonse zili bwino. Akabweza kawiri kapena katatu pa koyilo imodzi, mwaona nokha. Inu mukudziwa kuti transifoma ya 230 V pa 50 Hz, yokhala ndi chitsulo cha pakati cha masikweya sentimita 10 chogwira pa 1.2 tesla (muyezo wa mphamvu ya maginito), imafuna maulendo pafupifupi 860 ku primary, koyilo yolandira magetsi. Mukaimana maulendo 60, chitsulo chimayandikira kukhuta maginito, transifoma n'kumatentha ndi kung'ung'udza isanalumikizidwe ku chilichonse. Ndidamasula matransifoma ambirimbiri, ndikuwerenga maulendo pakamwa ngati mwana wa sukulu, ndisanatulukire kuti wakuba ndi chowerengera. Kuyambira tsiku limenelo, makina aliwonse ndimawayesa zinthu ziwiri ndisanafunse china chilichonse: ndimabweza spindle pamanja kuti ndione ngati nambala ikutsika, kenako ndimazimitsa magetsi pakati pa ntchito kuti ndione ngati akukumbukira pamene adalekezera.

Ndiye nditakhala ine, pa solenoid ndikadatenga makina a pa tebulo a kompyuta, a spindle imodzi, oyamba pang'onopang'ono ndi kuima pang'onopang'ono, osunga mapulogalamu angapo, ndipo ndalama zimene ndapulumutsa posiya othamanga aja ndikadaziika pa chokungira chabwino ndi zoyezera. Matransifoma a waya wonenepa ndikadawasiyira makina ena odekha, amphamvu, a chopondera ndi phazi kuti manja onse awiri akhale pa waya ndi pepala lotchinga. Makina a ma spindle anayi kapena asanu n'atatu asiyeni kaye. Amenewo amapindulitsa ngati koyilo imodzimodziyo mukuipanga miyandamiyanda chaka chonse, amatenga nthawi yaitali kuwatchera mukasintha mtundu wa koyilo, ndipo ambiri amafuna mpweya wa kompuresa. Inu pakadali pano muli ndi kasitomala mmodzi, ndipo kasitomala mmodzi amatha kusintha maganizo.

Musanalipire, tumizani kwa ogulitsa bobini zanu 20 ndi mpukutu wa waya wanu womwewo. Akulunge zonse 20 motsatizana, akujambula kanema wosadula kuyambira pomanga bobini mpaka pochotsa, kenako akubwezereni. Yezani resistance ndi inductance (kuthekera kwa koyilo kopanga maginito) ya iliyonse muone ngati zikufanana. Imodzi muimasule yonse, waya akudutsa pakati pa zala zanu, mumve ngati vanishi wakalika. Dziwaninso kuti mita ya ma ohm siiona shoti ya ulendo umodzi, pakuti ulendo umodzi pa 2,400 sufika ngakhale gawo limodzi pa 2,000 la resistance yonse, chonsecho ulendo umodzi womwewo ndi umene umawotcha koyilo ikapita kwa mwini wake. Shoti imeneyo imagwidwa ndi zipangizo zoyezera koyilo zotchedwa surge tester kapena mita ya LCR. Ogulitsa amene akana kukuyeserani, akuyankhani kale.

Amisiri,

Ndikufuna kuyamba kupanga matransifoma a chitsulo chozungulira ngati mphete, aja a toroid. Kodi makina okulungira pa bobini amene ndili nawo angagwire ntchitoyi nditawasintha pang'ono?

Mayi wokonza ma amplifier

Mayi,

Sangagwire, ngakhale muwasinthe chotani. Pa bobini, chokulungidwacho ndi chimene chimazungulira, waya n'kumangobwera kuchokera pa mpukutu. Pa mphete, waya yense wotsala ayenera kulowa pa bowo ulendo uliwonse, ndipo mpukutu sungakwane pa bowolo. N'chifukwa chake makina a toroid ali ndi mkombero wawo wotseguka. Mumautsegula, kuulowetsa pa bowo la chitsulo, n'kuutseka. Makina amayamba audzaza ndi waya wokwanira koyilo yonse, kenako amautembenuza n'kumatsitsira wayayo pa chitsulo, chitsulocho chikuyenda pang'onopang'ono pa timawilo.

Muyezo wofunika kuposa yonse ndi kukula kwa bowo ntchito ikatha, osati isanayambe. Mzere uliwonse wa waya ndi tepi umadya bowolo, ndipo mkombero wa makina uyenera kudutsabe pa ulendo womaliza. Werengerani bowo lotsala la transifoma yanu yaing'ono kwambiri, ndipo nambala imeneyo ndi imene mupite nayo kwa ogulitsa. Mudzapeza kuti mufunika mikombero ingapo yosiyana kukula, komanso mutu wina wokulungira tepi.

Ngati mukupanga ziwiri kapena zitatu pa mwezi, kulungani pamanja ndi kathabwa kosongoka kodzaza waya. Palibe chamanyazi. Michael Faraday mu 1831 adakulunga makoyilo awiri pa mphete ya chitsulo pamanja, akutchinga waya ndi chingwe ndi nsalu, ndipo mphete imeneyo, imene idaonetsa kuti koyilo imodzi ingadzutse magetsi mu inzake, ikusungidwabe ku Royal Institution ku London.

Amisiri,

Ine ntchito yanga ndi kukulunganso mamota opsa a mapampu ndi zigayo. Anzanga akundiseka kuti ndikadali wachikale chifukwa ndilibe makina a kompyuta. Kodi ndikufunikadi amenewo?

Wokonza mamota

Achimwene,

Asiyeni aseke. Mota iliyonse imene imalowa pakhomo panu ndi yosiyana ndi inzake, ndipo makina a kompyuta amapindulitsa pa chinthu chimodzi chobwerezedwa kambirimbiri. Inu mukufunika makina odekha amphamvu, a chowerengera chodalirika, ndi zikombole zabwino zosinthika kukula, zokulungirapo makoyilo musanawalowetse m'mipata ya stator, mbali ya mota imene siizungulira. Makina a flyer kapena a singano, okulunga pa mano a stator mwachindunji, ndi a mafakitale opanga mamota atsopano a mtundu umodzi.

Pamene ambiri amagwera m'ntchito yanu ndi pa waya, osati pa makina. Musanachotse waya wopsa, lembani maulendo, mipata imene koyilo ikudumpha, ndi malumikizidwe ake. Kadutswa ka waya wakale kawotcheni pang'ono vanishi achoke, kapukuteni, n'kukayeza ndi micrometer. Musakhulupirire nambala ya geji yongonena pakamwa. Waya wa nambala 20 pa muyezo wa AWG wa ku America ndi 0.812 mm, pamene nambala 20 pa muyezo wa SWG wa ku Britain ndi 0.914 mm. Kopala wa m'mawaya awiriwa amasiyana ndi magawo oposa 25 pa 100, dzina lili limodzi. Yang'ananinso kalasi ya kutentha pa chikwangwani cha mota. Kalasi B ndi madigiri 130, F ndi 155, H ndi 180. Mota ya kalasi F mukaiika waya, pepala kapena vanishi wa kalasi yotsika, ibweranso isanathe nyengo, ndipo mwini wake sadzaimba mlandu waya.

Wina wandifunsanso sabata yomweyi ngati waya wa aluminiyamu angalowe m'malo mwa kopala. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi magawo 61 okha pa 100 a kopala, ndiye amafuna waya wonenepa kwambiri kuti agwire ntchito yomweyo, ndipo m'mipata ya mota yopangidwira kopala malo amenewo mulibe. Amadukanso msanga akakungidwa, ndipo nsonga zake zimavuta kuwotcherera.

Amisiri,

Fakitale ina ikutseka ndipo ikugulitsa makina ake okulungira, akale ndithu koma akuyenda. Nditenge?

Wongoyamba kumene

Mwana wanga,

Makina akale okulungira amakhalitsa, ndipo ine ndili nawo amene ndi aakulu kwa ena a ophunzira anga. Pita ndi bobini yako ndi waya wako ukawayese pomwepo. Gwira chotsogolera waya uchigwedeze makina ali chiimire. Chikamasewera uku ndi uku, sikuluwu yoyendetsa yatha, ndipo waya aziunjikana m'mphepete mwa bobini potembenuka. Zungulitsa spindle pang'onopang'ono uone ngati nsonga yake ikuvina. Timawilo ndi timaso tonse todutsamo waya utiyendetse chikhadabo: ukamva kamzere kokumbika, kamzere kameneko kazikala vanishi pa mita iliyonse ya waya. Zimenezi zonse zimakonzeka, ungotsitsa nazo mtengo.

Chimene sichikonzeka ndi bokosi la kompyuta la kampani imene idasiya kulipanga. Funsa buku lake, funsa ngati masipeya akupezekabe, ndipo ngati mapulogalamu ali ndi nambala yachinsinsi, akulembere papepala usananyamule. Ufufuzenso ngati makinawo ndi a magetsi a single phase kapena a three phase, ndipo chokungira waya uonetsetse kuti chakwera nawo galimoto, pakuti pa malonda oterewa chimakonda kutsalira pa shelefu.